Tulo ta a Dawes: Kodi Otsutsa Angakane Nduna ya Pulezidenti?

Masana a pa 10 Marichi 1925, pamene nyumba ya Senate ya dziko la America idali mkati mokambirana za a Charles Warren, amene pulezidenti Calvin Coolidge adafuna kuwalonga unduna wa zamalamulo, wachiwiri kwa pulezidentiyo, a Charles Dawes, atamva kwa akuluakulu a zipani kuti ofuna kulankhula adakali ambiri ndi kuti voti ili kutali, adatsika pampando wawo nakagona tulo ta masana ku hotela ya Willard kumene ankakhala. Adali atangotha masiku asanu ndi limodzi paudindowo, ndipo tsiku lowalumbiritsa lomwelo adali atadzudzula maseneta pamaso, kuwanena kuti miyambo ya nyumba yawo njotayitsa nthawi. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Olankhula aja adaleka mmodzimmodzi, mlembi adayamba kuitana mayina, ndipo powerenga padapezeka mavoti 40 ovomera ndi 40 okana, mfundo imene munthu mmodzi yekha akadatha kuimasula, ndiye wogona uja. Adawadzutsa, adakwera galimoto, adathamanga m'misewu ya Washington. Koma pofika iwo n'kuti seneta mmodzi wa chipani cha Democratic amene adaali kumbali ya a Warren atatembenuka mtima, ndipo unduna udapita ndi madzi. A Coolidge, mwa ukali, adabwezanso dzina lomwelo, ndipo maseneta adalikananso, ulendo uno ndi mavoti 46 kwa 39.

Anthu a kumeneko amaikonda nkhaniyi chifukwa cha tulo take, koma ife taikumbutsa chifukwa cha chinthu china chimene chimabisala kuseri kwa phwete. Chaka chimenecho chipani cha a Coolidge, cha Republican, ndicho chidali ndi mipando yochuluka mu Senate, kotero kuti otsutsa boma, akadafuula kufikira mawu atasasa, sakadatha paokha kugwetsa munthu wa pulezidenti. Adamugwetsa ndi ena a m'nyumba momwemo, monga a George Norris a ku Nebraska, amene sadafune kuti munthu wodyera limodzi ndi makampani akuluakulu a shuga apatsidwe ntchito yolondalonda makampani ophwanya malamulo. Funso limene limabwerera nthawi iliyonse pulezidenti akatchula nduna yokayikitsa, lakuti kodi otsutsa angathe kuitsekera khomo, lidayankhidwa masana amenewo, ndipo zaka zana zadutsa yankholo lisadasinthe kwenikweni.

Malamulo aakulu a dzikolo, amene adalembedwa mu 1787, adagawa mphamvu imeneyi pawiri: pulezidenti ndiye atchula dzina, koma wotchulidwayo sakhala pampando kufikira Senate itapereka uphungu ndi chilolezo chake. Maseneta alipo 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse cha zigawo 50, ndipo aliyense amakhala zaka zisanu ndi chimodzi asadabwerere kwa anthu kukapempha voti. Wosankhidwa amayamba wafufuzidwa ndi apolisi a FBI, amaulula chuma chake ndi malonda ake onse, kenaka amakhala pamaso pa komiti yoona za undunawo tsiku lathunthu, dziko lonse likuonera pa kanema, namayankha mafunso a abwenzi ndi a adani omwe. Komiti ikatha mbali yake dzina limapita ku nyumba yonse, kumene ovomera akangoposa okana, ngakhale ndi voti imodzi, nkhani yatha. Ndipo mbali ziwirizo zikalingana, wachiwiri kwa pulezidenti, amene masiku ena onse alibe voti m'nyumbamo, ndiye amadula mlandu.

Wina amene adaonapo kulonga ufumu kwathu kuno sangadabwe ndi mmene zinthuzi zimayendera. Dzina la wolowa ufumu likamveka, mudzi wonse umang'ung'udza, obwera amanena zawo pachitsime ndi pamowa, ndipo nthawi zina zonena zawozo zimakhala zoona ndithu; koma amene angathe kuimirira pabwalo nati uyu ayi, mawu awo nagwira ntchito, ndi eni mbumba okha. Obwera ntchito yawo nkufikitsa mbiri m'makutu mwa eni mbumbawo, kuti manyazi awagwire.

Pa zaka zoposa 230, anthu amene Senate idawakana unduna ndi voti ya nyumba yonse ndi asanu ndi anayi okha, chiwerengero chochepa zedi tikaganizira mazanamazana amene adadutsa pakhomo limenelo. Woyamba adali a Roger Taney mu 1834, amene adathandiza pulezidenti Andrew Jackson kuchotsa ndalama za boma m'banki yaikulu ya dzikolo, nakwiyitsa nazo maseneta. Koma patangopita zaka ziwiri munthu yemweyo adavomerezedwa kukhala mkulu wa oweruza onse. Anayi mwa asanu ndi anayiwo adali a pulezidenti mmodzi, a John Tyler, amene chipani chawo chomwe cha Whig chidawachotsa, natsala pampando ngati mwana wamasiye. Ndipo mmodzi wa anthu awo, a Caleb Cushing, adakanidwa katatu tsiku limodzi mu Marichi 1843, pakuti a Tyler ankangobweza dzinalo likakanidwa, ovomera namacheperachepera. Mu 1959 a Lewis Strauss, amene achinyamata a lero adawadziwira mu filimu ya Oppenheimer, adakanidwa unduna wa zamalonda ndi mavoti 49 kwa 46, pa nthawi imene chipani cha Democratic chidali ndi mipando yoposa 60 pamene pulezidenti Eisenhower adali wa Republican.

Apa mpamene mawu akuti otsutsa amasokeretsa. Ku America pulezidenti amasankhidwa payekha, maseneta nawonso paokha, kotero kuti chipani chimene chidagonja pa mpando wa pulezidenti chingathe kukhala mwini nyumba ku Senate, chikugwira mipando ya makomiti onse ndi ndondomeko ya zokambirana. Otsutsa otere ali ndi mano. Komabe ngakhale iwo saluma kawirikawiri, chifukwa pali mwambo wakale wakuti munthu amene anthu amusankha kuti alime munda aloledwe kusankha yekha makasu ake, kuti zokolola zikakanika asadzaloze chala wina.

Mlandu wotsiriza umene mwambowu udasweka ndi wa a John Tower mu 1989, ndipo ngwoyenera kuukhalira pansi. A Tower adali seneta wa ku Texas kuyambira 1961 kufikira 1985, adakhalapo wapampando wa komiti yoona za asilikali, ndipo adatsogolera bungwe lofufuza nkhani yogulitsa zida ku Iran mobisa. Mwa ukatswiri, padalibe wokayika kuti angathe kuyendetsa unduna wa zachitetezo umene pulezidenti George H. W. Bush adawaitanira. Adabwerera m'nyumba imene adakhalamo zaka 24, pakati pa anthu amene adadya nawo, ndipo aliyense ankayesa kuti adutsa ngati mpeni m'dzungu. Mwala woyamba sudachokere kwa otsutsa. Adauponya ndi a Paul Weyrich, mtsogoleri wodziwika wa mbali yomweyo ya osunga miyambo, amene adauza komiti kuti adawaonapo a Tower ataledzera ndiponso ali ndi akazi amene sadali akunyumba kwawo. Kuchokera tsiku limenelo mbiri zidasefukira, zoona ndi zopeka pamodzi. Maseneta ankalowa m'chipinda chotseka kukawerenga zimene a FBI adasonkhanitsa. Padabukanso nkhani ya ndalama zimene a Tower adalandira kwa makampani opanga zida atachoka ku Senate. A Sam Nunn a ku Georgia, wapampando wa komiti, munthu wosapupuluma amene mawu ake pa za asilikali ankalemera kumbali zonse, atanena kuti sangaike munthu wotere pa mzere wolamula zida za nyukiliya, komiti idakana ndi mavoti 11 kwa 9.

A Tower adapita pa kanema nalumbira pamaso pa dziko kuti akavomerezedwa sadzalawanso mowa nthawi yonse ya unduna wawo. Lumbirolo silidawapulumutse, ndipo ena amati lidangotsimikiza chimene lidafuna kutsutsa. Pa 9 Marichi 1989 Senate idawakana ndi mavoti 53 kwa 47, a Democratic atatu atawavomera ndipo wa Republican mmodzi, mayi Nancy Kassebaum a ku Kansas, atawakana. Anzawo akale ankakumbukira kudzikuza kwawo pa masiku a upampando, pakuti ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakaupeza patsogolo. Koma tisaiwale masamu ake: a Democratic adali ndi mipando 55. Ndipo chimene adapindula nchiyani? M'malo mwa a Tower mudalowa a Dick Cheney, amene adavomerezedwa ndi mavoti 92 popanda wokana ndi mmodzi yemwe, nadzakhala patsogolo pake wachiwiri kwa pulezidenti amene a Democratic omwewo adamuda koposa.

Nanga otsutsa akakhala ochepa, chida chawo nchiyani? Kale chidalipo, dzina lake filibuster. Mwambo wa Senate ngwakuti seneta akayamba kulankhula palibe womukhazika pansi, ndipo kuyambira 1975 pankafunika mavoti 60 kuti zokambirana zitsekedwe ndi kuti voti yeniyeni ichitike. Motero anthu 41 ogwirizana akadatha kuimitsa dzina lililonse osaligonjetsa, kungolisiya panja lizizidwe. Pa nduna chidachi sichinkasololedwa wamba, ndipo nchifukwa chake dziko lidadzidzimuka mu Febuluwale 2013 pamene a Republican adachisololera a Chuck Hagel, wa chipani chawo chomwe ndiponso seneta wakale wa ku Nebraska, amene pulezidenti Barack Obama adawasankha kukhala nduna ya zachitetezo. Voti yotseka zokambirana idapeza 58, yoperewera pa 60. Adawachedwetsa masiku khumi ndi awiri, kenaka adawalola kudutsa ndi mavoti 58 kwa 41.

Chaka chomwecho, pa 21 Novembala, a Harry Reid, mtsogoleri wa a Democratic amene panthawiyo adali ochuluka, atatopa ndi kuimitsidwa kwa oweruza ndi akuluakulu ena a boma, adasintha mwambowo ndi mavoti 52 kwa 48, kuti kuyambira pamenepo dzina la nduna kapena la woweruza wa makhoti aang'ono lizidutsa ndi ochuluka wamba. A Mitch McConnell, mtsogoleri wa a Republican, adawachenjeza tsiku lomwelo kuti adzanong'oneza bondo, ndipo msanga kuposa mmene ankaganizira. Kunena zoona a Reid adali ndi chifukwa chomveka, pakuti boma silingayende mipando ili yopanda anthu; koma wokumba mbuna panjira imene iye mwini adzadzerapo pobwerera ayenera kukumbukira pamene waikumba. Patangotha zaka zitatu a Donald Trump adapambana, a Democratic adapezeka ali ochepa, ndipo atapapasa m'chiuno adapeza m'chimake mulibe mpeni.

Zimene zidachitika m'nyengo yachisanu ya 2017 zikuonetsa bwino mphamvu imene yatsalira ochepa. Pa mayi Betsy DeVos, mayi wolemera kwambiri amene adasankhidwa kukhala nduna ya zamaphunziro asadaphunzitsepo kapena kuyendetsapo sukulu ya boma, makolo ndi aphunzitsi adaimba mafoni ku maofesi a maseneta mpaka mafoniwo adadzaza, ndipo a Democratic adachezera usiku wonse akulankhula mosinthana. Phokosolo lidakoka a Republican awiri, mayi Susan Collins a ku Maine ndi mayi Lisa Murkowski a ku Alaska. Padafunika wachitatu, ndipo sadapezeke. Pa 7 Febuluwale mavoti adalingana 50 kwa 50, ndipo a Mike Pence adakhala wachiwiri kwa pulezidenti woyamba m'mbiri ya dzikolo kudula mlandu wa nduna. Masiku omwewo a Democratic adayesa kunyanyala komiti ya zachuma kuti chiwerengero chisakwane pa mayina a Steven Mnuchin ndi Tom Price. Wapampando, a Orrin Hatch, adangoimika lamulo la chiwerengerolo m'mawa mwake, mayina nadutsa mipando ya onyanyala ili yopanda anthu. Chotsala ndi kuchedwetsa basi, pakuti malamulo amalolabe maola 30 a zokambirana pa nduna iliyonse, ndipo maolawo akatha voti imachitika.

Komatu wowerenga asafulumire kunena kuti Senate yasanduka chidindo chabe, pakuti manda a mayina okanidwa sali pabwalo la voti. Ali kuseri, kumene mayina amafera mwakachetechete. Atsogoleri a chipani amawerenga mitu voti isadafike, ndipo akaona kuti siikwana amatuma mawu ku White House kuti munthu wanuyu achoke yekha asadachite manyazi. Mayi Zoë Baird adachoka chotero mu 1993 chifukwa cholemba antchito apakhomo opanda zikalata zokhalira m'dzikomo, a Tom Daschle mu 2009 chifukwa cha misonkho, a Andrew Puzder mu 2017 pamene a Republican anzawo adayamba kuwatalikira, ndi mayi Neera Tanden mu 2021 pamene seneta mmodzi yekha wa chipani chawo, a Joe Manchin, adati sawavotera chifukwa cha mawu achipongwe amene adalembapo pa Twitter. A Matt Gaetz, amene a Trump adawatchula pa 13 Novembala 2024 kukhala nduna ya zamalamulo pamene komiti ya aphungu anzawo inkawafufuza pa nkhani za chiwerewere ndi mankhwala ozunguza bongo, zimene iwo ankakana, adatha masiku asanu ndi atatu okha nachoka, atayendera maseneta a chipani chawo naona nkhope zawo. Pa onsewa otsutsa adakumba, atolankhani adafukula, koma dzanja lomaliza lidali la m'banja.

Ndipo pulezidenti wouma mutu ali nazo zipata za kuseri. Angathe kuika munthu wongogwirizira mpando, amene lamulo la 1998 limamulola masiku 210 ndipo nthawi zina kupitirira. Mayi Julie Su adayendetsa unduna wa zantchito pansi pa a Joe Biden pafupifupi zaka ziwiri Senate isadawavomereze konse. Angathenso kulonga munthu pamene Senate ili patchuthi, ngakhale khoti lalikulu lidachepetsa mpata umenewu mu 2014, ndipo maseneta adaphunzira kutumiza mmodzi wa iwo kukatsegula nyumba kwa mphindi zochepa masiku atatu alionse kuti tchuthi chisawerengedwe.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Malamulo athu a 1994 adapatsa pulezidenti mphamvu yosankha nduna popanda kupempha chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, kotero kuti mu Julayi 2020, pamene anthu adadandaula kuti m'gulu la nduna za a Lazarus Chakwera mudali mwamuna ndi mkazi wake, ndiponso mlongo ndi mlongo wake, padalibe phungu amene akadaitanitsa voti. Aphungu athu amayesa maudindo ena, monga mkulu wa oweruza, mkulu wa apolisi ndi mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu, ndipo pamenepo masamu ake ndi omwe aja a ku Washington. Mu 2005 Nyumba ya Malamulo idakana mayi Mary Nangwale, amene akadakhazikika kukhala mayi woyamba kutsogolera apolisi, ndipo idatero pamene a Bingu wa Mutharika adali atangotuluka m'chipani cha UDF natsala ndi aphungu ochepa, monga a Tyler aja. Mu Meyi 2021 komiti yoona za maudindo idakana mayi Martha Chizuma pa udindo wa mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu, koma mfuu wa anthu utakula komiti yomweyo idawavomereza patangopita masiku ochepa. Pamenepo phokoso la kunja lidagwira ntchito yotsegula khomo m'malo molitseka.

Chimene chasintha ku America m'zaka zaposachedwa si malamulo okha ayi, komanso mtengo umene seneta amalipira akakana munthu wa pulezidenti wa chipani chake. Mayi Kassebaum adakana a Tower nabwerera kwawo mwamtendere, nasankhidwanso chaka chotsatira. Lero seneta wongoonetsa kukayika amadzuka m'mawa napeza dzina lake likutukwanidwa pa intaneti, ndipo amamva kuti ndalama zikusonkhanitsidwa kale zothandiza wina wodzapikisana naye pa chisankho cha m'chipani. Mayi Joni Ernst a ku Iowa, msilikali wakale amene adalimbana zaka zambiri ndi nkhanza zochitira akazi m'gulu la nkhondo, adaonetsa kukayika mu Disembala 2024 pa a Pete Hegseth, amene a Trump adawatchula kukhala nduna ya zachitetezo. Adapanikizidwa masabata angapo, ndipo pamapeto pake adawavomera. A Bill Cassidy a ku Louisiana, dokotala amene moyo wake wonse adalimbikitsa katemera, adalimbana ndi mtima wawo poyera pa dzina la a Robert F. Kennedy Jr., munthu wodziwika ndi kukayikira katemera, koma adawavotera kukhala nduna ya zaumoyo. Wa Republican yekhayo amene adakana pa mavoti 52 kwa 48 amenewo adali a McConnell, amene adadwala poliyo ali mwana ndipo adali atatula kale utsogoleri wa chipani.

Nkhani ya a Hegseth idafanana ndi ya a Tower mochititsa nthumanzi: unduna womwewo wa zachitetezo, mbiri za mowa ndi za akazi, ndipo pamwamba pake dandaulo la mayi wina la mu 2017 lakuti adamugwirira, limene iwo adalikana ndipo silidafike kukhoti, ngakhale adalipira ndalama kuti nkhaniyo ithe. Nawonso adalonjeza kuti akavomerezedwa sadzalawa mowa. Kusiyana kwake nkwakuti a Tower adali ndi zaka 24 za mu Senate koma chipani chawo chidali ndi mipando 45, pamene a Hegseth adali wolankhula pa kanema wa Fox News ndi msilikali wakale amene sadayendetsepo bungwe lalikulu, koma chipani chawo chidali ndi mipando 53. A Democratic onse ndi oima paokha amene amakhala nawo, 47 onse pamodzi, adakana mogwirizana, ndipo adafunikira anayi a tsidya lina.

Voti idachitika usiku wa Lachisanu, pa 24 Januwale 2025. Mayi Murkowski ndi mayi Collins adali atanena kale kuti akana. A McConnell, amene adasunga mtima wawo kufikira mphindi yomaliza, adakananso, nakhala wachitatu. Maso onse adatembenukira kwa a Thom Tillis a ku North Carolina, amene adakhala akufunsa mafunso mpaka tsiku lomwelo, ndipo iwo adavomera. Mavoti adaima pa 50 kwa 50, monga adaimira pa 40 kwa 40 masana aja a 1925, kutangotsala masabata ochepa kuti zikwane zaka zana. Ulendo uno wachiwiri kwa pulezidenti sadali ku hotela. A JD Vance, amene adali ndi masiku anayi okha paudindowo, adalowa m'nyumbamo, adakhala pampando, naponya voti ya 51. Ndipo m'mawa mwake iwo omwewo ndiwo adalumbiritsa nduna yatsopanoyo.